Ndondocha ya a Osward

Inu, tamverani. A Osward a ku Zingalume anatsala ndi sabata imodzi yokha kuti asankhidwe kukhala mkulu wa mpingo. Jekete anali atachapitsa kale, kayendedwe nako atasintha, manja kumbuyo. Kukolola ndiye munthuyo amakolola, zimenezo tisakane: nkhokwe ziwiri za chimanga, mtedza mpaka pakhonde. Ukawafunsa chinsinsi ankayang'ana kumwamba. "Khama, achimwene. Khama ndi pemphero."

Ndiye Lolemba mwana wawo Melody, wa giredi naini, anabwera ndi buku la zithunzi lobwereka kusukulu. Pachikuto panali anthu akufa atadzuka m'manda, maso mbee, nsagwada lende, akuthamangitsa ana asukulu.

"Ichi n'chiyani m'nyumba ya Mkhristu?"

"Ndi mazombi, atate. Dziko lonse latha, atsala ana anayi okha."

"Bweretsa kuno ndikaotche."

Sanaotche. Anakakhala kuseri kwa nkhokwe kuti aone kaye kukula kwa tchimolo. Chingerezi chinawavuta, koma zithunzi sizifuna sukulu. Pofika tsamba la makumi atatu anali akulankhula okha: "Iwe, tseka chitseko! Tseka, chitsiru iwe, afika!"

Apo n'kuti mai Tinenenji, oyandikana nawo nyumba, ataima kumbuyo kwawo, abwera kudzabwereka sefa. Anaona mitembo ikuyenda. Anayang'ana nkhokwe ziwiri zija. Za sefa sanafunsenso.

Inu mukudziwa kuti kwathu kuno wakufa akadzuka sataya nthawi n'kuthamangitsa ana. Amasanduka ndondocha: mfiti imamudula lilime n'kumamulimitsa m'munda anthu ali m'tulo. Pofika Lachitatu, mpaka ku Zemba anali atamva kuti a Osward ali ndi buku la malangizo, la zithunzi zomwe, kuti asalakwitse podula.

A Osward anaganiza zokabweza bukulo kusukulu mwakachetechete. Analibisa m'jekete, ulendo pa njinga. Tcheni cha njingayo chikanatha kuguluka paliponse, koma chinasankha pachigayo, pomwe panali azimayi khumi ndi awiri. A Osward powerama, buku phu! pansi, n'kutsegukira patsamba lenileni la kumanda. Palibe anakuwa. Mayi mmodzi anangonyamula mwana wake n'kumubereka, chonsecho mwanayo ali giredi thuu.

Loweruka anaitanidwa kubwalo la mpingo, anthu mpaka m'mawindo. Abusa ndi akulu anatenga ola lathunthu akuunika umboni, mitu pamodzi, ena akudandaula kuti tsamba latembenuzidwa msanga. A Osward thukuta kamukamu. Mantha anawagwira zenizeni, chifukwa munthu amene waphunzira kale kuyenda manja kumbuyo sangabwererenso pa benchi wamba.

Pomaliza a Eneya, mkulu wakalekale, anavula magalasi.

"Abusa, ine ndaona bwinobwino. Pa ndondocha zonsezi palibe ngakhale imodzi yagwira khasu. Kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza zikungoyendayenda n'kumaluma anthu. Ndi zaulesi izi. Bukuli silingadzaze nkhokwe ya munthu."

A Osward mtima unakhala pansi. Anayamba kumanga batani la jekete.

"Koma funso likadalipo," a Eneya anapitiriza. "Ine ndimadutsa pamunda pawo tsiku ndi tsiku, ndipo a Osward sindinawaonepo atawerama. Nanga chimanga chonsecho amalima ndani?"

Ha! A Osward analisiya batani lija. Akanena zoona ndi manyazi, akakhala chete ndi ufiti. Anayang'ana abusa, abusa anayang'ana bukulo.

Kumbuyo kunaimirira akazi awo a Osward, mai Elinata, munthu amene chikwatiwire anali asanalankhulepo pagulu. Anakonza chitenje, nagwada pang'ono mwaulemu.

"Abusa, musawavutitse atate ake a Melody. Ndondocha ilipo, koma ndi imodzi yokha. Imalowa m'munda tambala asanalire, imatuluka dzuwa litalowa, ikafika imaphikanso. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, osayankha kanthu. Kungoti lilime sanadule bwino. Lamera lero."

Anakhala pansi. Kumbali ya azimayi kunamveka "Ameni" wamphamvu amene tchalitchi chimenecho sichinamvepo.

Abusa analemba m'buku la mpingo kuti a Osward si mfiti, ndipo onse anavomereza ndi mtima umodzi. Za ukulu palibe anazitchulanso, ngakhale a Osward eni ake.