Tsiku Limene Ndinataya Atsibweni Panjira ya ku Kande

Ku Kande kuli anthu amene mpaka lero sadziwa dzina langa. Akandiona amangoti, "Ndi aja anataya atsibweni panjira." Nkhaniyi ndi yakale, ya nthawi ya Chitaganya, koma sikalamba, ndipo aliyense woifotokoza amathiramo mchere wakewake. Bola ndiifotokoze ndekha.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Boma linanditumiza ku Chintheche kukagwira ntchito ya zaumoyo, makamaka katemera wa nthomba, ndipo linandipatsa njinga yamoto yoyendera m'midzi. Njingayo inali yotsala kunkhondo, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe anaiuza kuti nkhondo inatha. Paipi yake ya utsi inali itang'ambika kalekale. Ndikangoiliza, nkhuku zinkakwera padenga, ndipo amayi oopa katemera ankandimva ndikadali kutali, n'kupeza nthawi yokwanira yobisa ana m'munda wa chinangwa. Ndikaweruka, makutu ankangolira okha ngati mwalowa nyenje.

Ndiye ndinapeza nzeru (masiku amenewo nzeru zinkandibwerera pafupipafupi, ndipo zambiri zinandipweteka). Ndinatenga thonje la kuchipatala, kulinyika mu phula la njuchi losungunula, n'kuumba timipira tiwiri. Ndikatikankhira m'makutu, dziko lonse linkangoti zii. Njinga inkangonjenjemera pansi panga, ine ndili phee, kumaganiza zanga.

Vuto linali lamulo. Chaka cham'mbuyo mwake munthu wina wa njinga yamoto, atavala chipewa chophimba makutu, sanamve hutala ya lole ya matabwa ndipo anakathera m'dzenje. Iye anachira, koma boma linalamula kuti woyendetsa njinga yamoto aliyense makutu ake azikhala poyera, opanda chotsekera chilichonse. Wosunga lamuloli anali kopolo wina wa polisi wa ndevu zambiri, amene ankakonda kuima pamphambano potulukira pa Chintheche. Nthawi zonse ndikamadutsa ankafuula funso limodzi lomwelo: "Makutu ali poyera?" Choncho sindinkafunika kumumva. Ndikangoona ndevu zikugwedezeka ndinkayankha kuti, "Ali poyera, a Kopolo," n'kudutsa. Timipira tanga tinali tating'ono, sitinkaoneka.

Tsopano za Jeneti. Ndinamuona koyamba ku Kande, tsiku limene amayi onse anabisa ana, iye yekha n'kubwera ndi ana a mkulu wake, wina kumsana wina kudzanja. Ndinamupatsa moni m'Chitonga changa chothyokathyoka, iye anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo ine mtima wanga unathera pomwepo. Patapita miyezi tinagwirizana za banja. Koma abale ake ankazengereza. Mchewa wosadziwa kupalasa bwato, woti akaona kondowole amayamba wapemphera kawiri, angasunge mwana wawo? Anati mawu omaliza ali ndi atsibweni ake, mlongo wa amayi ake, a Simiyoni. Iwo akakana, nkhani yatha.

A Simiyoni ankakhala kumpoto kwa Chintheche, ndipo bondo linkawavuta. Tsiku lokaonekera ku Kande litakwana, nkhoswe yanga inatsogola wapansi m'mawa, ine n'kudzipereka kukawatenga akuluwo pa njinga. Ndinkati akakhala kumbuyo kwanga aona okha kuti mwana wawo akukwatiwa ndi munthu wa boma.

Ndinawapeza ali chilili pakhonde, okonzeka kale. Anali munthu wochepa thupi, wowongoka ngati bango, amene anagwira ntchito zaka zambiri mu hotela ku Joni. Anavala suti yoyera mbee, tayi, chipewa, nsapato zonyezimira, ambulera yopinda m'manja. Atonga pa nkhani ya kutchena sachita masewera, koma awa anali mphunzitsi wa onse.

"Timuoneni, ada," ndinatero nditagwada.

"Yewo. Ndiwe wa ku Dowa uja?" Anayang'ana njinga ija kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. "Ndiye galimoto yako ndi imeneyi."

"Ndi yomweyi, bambo. Mukakwera mundigwire m'chiuno, msewu ndi wamchenga."

"Ine kugwira m'chiuno munthu amene sindinamuvomere? Mnyamata, ine ndayenda mu sitima ya pamtunda nditaimirira, thireyi ya tiyi ili m'manja, osataya ngakhale dontho. Iwe yendetsa."

Anakhala pa kampando ka kumbuyo, dzanja lina pa chipewa, lina pa ambulera. Ine ndinanamizira kukonza kolala, n'kukankhira timipira tija m'makutu.

Pali chinthu china chimene muyenera kudziwa kuti musandiweruze msanga. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Ukakumana nawo panjira umapatukira kutchire. Tsono apa ndinali ndi apongozi aakulu kumsana kwenikweniku, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti, zivute zitani, sinditembenuka. Aone kuti ku Dowa timalera ana. Galasi loonera kumbuyo linalibe vuto la ulemu, koma linasweka ine ndisanabwere.

Pamphambano tinapeza kopolo uja. Ndevu zinagwedezeka.

"Ali poyera, a Kopolo," ndinayankha, n'kudutsa.

(Ndinamva pambuyo pake kuti tsiku limenelo anasintha funso. Anafunsa kuti, "Mukupita nawo kuti madalawo?" Yankho langa linamupatsa maganizo, ndipo anatenga njinga yake yakapalasa n'kuyamba kutitsatira.)

Titatuluka m'tauni ndinaganiza kuti mpata ndi umenewu. Mawu amene ndinakonza sabata yonse ndinkaopa kuti pagulu adzandithawa, koma apa panalibe maso ondiyang'ana. Ndinayamba kulankhula. Chimene sindinkadziwa n'chakuti munthu wotseka makutu sadziwa kukula kwa mawu ake. Ine ndinkati ndikulankhula mwaulemu, motsitsa, pamene ndinali kukuwa kuposa injini.

Ndinayamba ndi mbiri ya makolo anga. Kenako ndinalowa m'malonjezo. Tinafika pa kamlatho ka mitengo, njinga inadumpha, n'kutera bwinobwino, ndipo kuchokera pamenepo inayamba kuthamanga mopepuka modabwitsa. Ndinati injini yatenthedwa bwino. Zoona zake n'zakuti pa kamlathopo a Simiyoni anasiya chipewa kuti agwire mpando, chipewa chinauluka, anachitsatira ndi ambulera, ambulera inatseguka, ndipo mphepo inamaliza ntchito. Anakatera m'dziwe limene amayi amaviikamo chinangwa. Amene ananunkhizapo madzi a chinangwa chovunda akudziwa chimene chinachitikira suti ija.

Ine ulendo. "Jeneti sadzasenza nkhuni ine ndili moyo, bambo. Kondowole ndidzadya osakwinya nkhope. Bwato ndidzaphunzira." Kumbuyo kunali chete, ndipo ndinati akuluwo akhudzidwa. Ndinalimba mtima, n'kuyamba kufotokoza za kampata ka mano a Jeneti, ndi mmene ndimalephera kugona ndikakaganizira, mawu oti munthu wolongosoka sanganene ngakhale kwa mnzake wapamtima.

M'midzi yonse anthu ankatuluka m'nyumba. Amayi ankakupiza zitenje, ana ankathamanga m'mbali mwa msewu, bambo wina anaponya khasu pansi n'kumaloza kumbuyo kwanga ndi manja onse awiri. Ndinati taonani mmene amawalemekezera a Simiyoni kuno. Ndinkawabayibitsa ndi dzanja limodzi, n'kupitiriza za mano zija.

Ku Kande tinapeza (ndinapeza, ndiyenera kutero) abale onse atakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhoswe yanga ili pakati pawo. Ndinaimitsa njinga mwaulemu, kutsika maso ali pansi, kugwada pambali pake, n'kuomba m'manja.

"Tafika, bambo. Tsikani."

Ndinadikira. Ndinaombanso m'manja. Ndinati bondo lija lawagwira, ndiwapatse nthawi. Kenako ndinaona mapazi a Jeneti ataima patsogolo panga. Anandigwira chibwano n'kunditembenuza mutu ngati akuonetsa mwana mbale imene waswa. Pa kampando panalibe munthu.

Sindinachitepo mantha ngati tsiku limenelo. Za ukwati ndinaiwala, ndinkangoona maliro. Pakamwa pa anthu onse pankatseguka ndi kutsekeka, ine osamva kanthu. Ndinazula kampira ka kumanja, phokoso lonse n'kundigwera nthawi imodzi. Ka kumanzere kanali katafewa ndi dzuwa, ndipo pokatokosa ndi chala ndinakakankhira mkati. Ndinafuna kudumphira pa njinga kuti ndibwerere, koma alongo ake a Jeneti anaigwira, nati yapha okwanira lero, n'kuthamanga okha wapansi.

Amene anandichotsa phulalo anali amayi ake a Jeneti. Anatenthetsa timafuta, n'kundiuza kuti ndigoneke mutu pabondo pawo. Ine, mwana wa ku Dowa, amene ndinataya munthu panjira chifukwa choopa kuyang'ana apongozi, ndinagona pamwendo pa apongozi aakazi mudzi wonse ukuonerera, iwo akunditokosa m'khutu ndi nthenga ya nkhuku. Nkhoswe yanga inangophimba nkhope ndi chipewa.

Phula litangotuluka tinamva belu la njinga. Anali kopolo, thukuta lili kamukamu, ndipo pa kaliyala panali a Simiyoni, atamugwira m'chiuno ndi manja onse awiri. Anali amoyo, osathyoka paliponse. Suti inali yotuwa mpaka m'khosi, ndipo fungo linafika iwo asanafike. Kumbuyo kwawo kunali chikhamu cha anthu a m'midzi yonse imene ndinadutsa.

Kopolo anatola timipira tija n'kutikulunga pa tsamba. "Akulu, makutu aja ndi amenewa? Njinga ndikutenga, ndipo Lolemba mukafotokoza ku boma."

"Kopolo, yamba wadikira," anatero a Simiyoni. "Mlandu wako ndi wa makutu. Wanga ndi wa thupi lonse."

Anakhala pampando, n'kupinda mwendo pamwamba pa unzake ngati suti ikadali yoyera. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mnyamata, ndinamva za agogo ako ndi ng'ombe zawo. Pamene unkafika pa nkhani ya mwana wathu, ine n'kuti ndili m'madzi. Unkati chiyani?"

Ndinayamba kung'ung'udza zosamveka, ndipo ndinaona Jeneti akuyang'ana pansi. Ndinadziwa kuti ndamutaya.

"Ada, musamuvutitse, wanena kale," anatero mayi wina m'gulu muja. "Podutsa kwathu amati Jeneti sadzasenza nkhuni."

"Kwathu amati adzaphunzira bwato," anatero bambo wa khasu uja.

"Kwathu amanena za mano."

Gulu lonse linaseka, Jeneti n'kuthawira kuseri kwa amayi ake. Mudzi uliwonse unapereka gawo lake, motsatana bwino ngati mavesi a nyimbo ya kutchalitchi, a Simiyoni akungogwedeza mutu. Kenako gogo wina anati, "Kwathu amati chinangwa aziviika yekha, kusenda yekha, kusinja yekha."

"Zimenezo sindinanene," ndinatero.

"Ukudziwa bwanji?" anafunsa a Simiyoni. "Unkadzimva?"

Ndinayang'ana kopolo, ali pomwepo ndi tsamba lake m'manja.

A Simiyoni anatembenukira kwa mlongo wawo. "Munthu uyu ndi chitsiru, zimenezo tisabise. Koma amuna ambiri amalonjeza m'nyumba, chitseko chili chotseka, mawa n'kukana. Uyu walonjeza kuyambira pa mlatho mpaka pano, ndipo mboni zake sizingakwane m'tchalitchi. Akadzaphonya chimodzi, sitidzavutika kumufunafuna." Ndiye anaitana Jeneti. "Iwe, ukumufunabe?"

"Ndikumufuna, asibweni," anayankha ali kuseri komweko. "Pamodzi ndi zonse wanenazo."

Suti ndinachapa ndine, katatu, ndipo sinayerenso. Njinga anandilanda kwa nyengo yonse ya mvula, katemera n'kumayendetsa wapansi (ana ambiri anatemeredwa chaka chimenecho, chifukwa amayi sankandimva ndikubwera). Ukwati unachitika, a Simiyoni anabwera pa bwato.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kumvera malamulo a pamsewu. Mwina. Chimene ndinaphunzira ndithu n'chakuti malonjezo anga a tsiku lija sanathe kutuluka. Loweruka lililonse mundipeza padziwe, mwamuna ndekha pakati pa amayi, ndikuvuula chinangwa. Ndipo pakapita zaka zingapo Jeneti amakumbukira lonjezo lina latsopano. Chaka chathachi anakumbukira kuti ndinalonjeza khitchini ya malata. Ndinakana ndithu, ndinati nthawi imeneyo malata sindinkawaganizira n'komwe. Iye sanakangane nane. Anangotumiza mawu kumudzi wina wa m'mbali mwa msewu, ndipo mawa lake kunabwera nkhalamba ina yoyendera ndodo, yopanda dzino ngakhale limodzi, kudzalumbira kuti inamva ndi makutu ake.

Njerwa ndaumba kale.