Usipa Wokanirira pa Waya

Nkhani iyi malemu mkazi wanga, NaBanda, ankakonda kuinena pamaso pa alendo, ine ndili pomwepo nditazolika. Poti mwiniwake wonena kulibe, lero ndiinena ndekha, manyazi akenso ndisenza ndekha.

Zinachitika matipate atangokhazikika kumene. Ndinali nditabwerera kwathu ku Nkhotakota patatha zaka zambiri ndili ku Bulawayo, kumene ndinali kalaliki m'sitolo ina yaikulu. Kumeneko n'kumene ndinaphunzira kugogoda kompyuta, ndipo nditafika kuno ndinkayenda ndi disiki m'thumba la malaya, kansonga kake kakuonekera, kuti anthu adziwe.

Luso limenelo linandipezera malo pa ofesi ya bungwe lina loona za usodzi, pa boma pomwepa. Koma anandilemba moyesa. Bwana wanga, Bambo Saidi, sanabise mawu.

"A Nkhoma, mukatha kutumiza zinthuzi ku Lilongwe, ntchito ndi yanu. Mukalephera, tiitana ana a ku koleji."

Zinthuzo zinali chiwerengero cha nsomba zogwidwa m'madoko a ku Ngala ndi ku Liwaladzi: usipa, utaka, chambo, kampango. Ine ndinkazilowetsa mu kompyuta yathu. Mwezi ukatha, fayilo yonse inkayenera kukalowa mu kompyuta yaikulu ya ku likulu, nkhokwe imene eni ake ankaitcha detabesi. Inkayenda pa waya wa lamya, kudzera mu kabokosi kotchedwa modemu, kamene kankalira ngati kamwana ka mbuzi kopanidwa ndi chitseko.

Tsiku lotumiza litafika ndinamanga tayi. Ndinadina batani, kabokosi kanalira, ndipo pa sikirini panayamba kuyenda kamzere kosonyeza kuti fayilo yanyamuka.

Apa ndinachita zimene munthu aliyense woleredwa bwino amachita. Ku Bulawayo ndikapatsira munthu bulangete lopita kwa NaBanda, ndinkatumiza uthenga msanga kuti akalidikire pa siteji. Katundu satumizidwa mwakachetechete ngati wakuba. Choncho ndinanyamula foni kuti ndidziwitse a ku Lilongwe.

M'fonimo munali phokoso lokhalokha, tswiii, khrrr! Ndinagogoda kachitsulo kopachikapo foni kangapo mpaka phokoso linatha, kenako ndinaimbira Mayi Phiri, amene ankayang'anira detabesiyo.

"Mayi Phiri, ndi Nkhoma kuno ku Nkhotakota. Katundu wanyamuka, mumulandire."

"Zikomo bambo, dikirani ndione. Iii, wafika usipa wokha, nawonso theka. Zaduka."

Ndinacheuka. Pa sikirini panali mawu awiri: Connection lost.

Ndinadinanso. Kabokosi kanalira. Ndinanyamula foni, kugogoda, kuimba.

"Wanyamukanso, mayi!"

"Wadukanso, bambo!"

Tinachita zimenezi mpaka nthawi yoweruka. M'mawa mwake Mayi Phiri anati mwina fayilo yakula, ndiidule zidutswa, nsomba iliyonse payokha. Ndinatero. Usipa unaduka, utaka unaduka, chambo chinaduka. Koma kampango anafika yense! Ulendo wa kampangowo ndinachedwa kuimba chifukwa magalasi anga anagwera pansi pa tebulo, koma ine sindinaziganizire zimenezo. Ndinapita kwa Bambo Saidi ndi nkhope ya katswiri.

"Bwana, ndapeza vuto. Waya wathu ndi wofooka. Nsomba zochepa ngati kampango ukutha kunyamula, koma usipa wachuluka."

"Ndiye mukudikira chiyani? Ino ndi demokalase, pitani mukadandaule!"

Ndinapita ku ofesi ya anthu a lamya n'kukalankhula Chingelezi cha ku Bulawayo, chotulukira m'mphuno. Ndinawauza kuti nthawi yoopa inatha, waya wawo ndi wowola, akuchedwetsa chitukuko. Anthu osalakwa aja anabwera ndi makwerero dzuwa lili pamutu. Anakwera pa mtengo wa lamya, anasintha waya, anasadzanso nthambi za mango a mayi wina woyandikana nafe, amene anatitukwana tonse mpaka agogo athu. Atatsika, mmodzi anaimba foni n'kunena kuti ikumveka bwino kuposa ya kwa DC.

Ndinadina. Kulira. Kunyamula foni. Kugogoda. Connection lost!

Kunyumba NaBanda ankandilandira ndi funso lomwelomwelo, akuseka ndi maso okha monga ankachitira.

"Bambo a Jeni, nsomba zanu zija zafika?"

"Zinthu za sayansi izi, simungazimve."

"Ayi ndithu sindingazimve. Koma mukanazikweza basi, bwenzi pano anthu atadya kale."

Lachinayi Bambo Saidi anandiitana, nkhope itasintha.

"Walahi, a Nkhoma, a ku likulu andikalipira ngati mwana. Mawa ndikamachokera ku mzikiti ndipeze zafika. Apo ayi, musiye makiyi patebulo."

Ndinaimbira Mayi Phiri n'kuwafotokozera zonse. Anandimvera chisoni. Anati akwera basi yoyamba adzaone okha.

Anafika Lachisanu masana, fumbi lili m'tsitsi, mtsikana wamng'ono woti ndingamubereke. Sanafune n'komwe tiyi. Anayang'ana fayilo mzere ndi mzere, anati ili bwino. Anagwedeza mawaya kuseri kwa kompyuta, anati ali bwino. Anazimitsa kabokosi n'kukayatsanso. Nthawi yomweyo Bambo Saidi analowa, mkanjo woyera uli waa, n'kuima pakhomo manja atapinda.

"Bambo Nkhoma," anatero Mayi Phiri, "chitani mmene mumachitira masiku onse, ine ndingoona."

Ndinakhala pampando, ndinakonza tayi, ndinadina batani. Kabokosi kanalira. Kamzere kananyamuka bwinobwino, kakuyenda ngati bwato la injini. Ndinatambasula dzanja n'kunyamula foni.

"Mukutani?" anafunsa Mayi Phiri.

"Ndikudziwitsa a ku Lilongwe kuti katundu wanyamuka."

"Mukudziwitsa ndani?"

"Mayi Phi..."

Ndinawayang'ana. Iwo anandiyang'ana. Chala changa, posadziwa kuti zinthu zavuta, chinali chikugogoda kale kachitsulo kaja. Connection lost.

Mayi Phiri anagwira kumutu.

"Mayo ine! Bambo, nthawi yonseyi mumandiimbira pa foni imeneyi? Ine ndimayesa mumathamangira ku positi! Foni iyi ndi kabokosi aka waya wake ndi mmodzi!"

"Nanga phokoso limakhala m'fonimu?" ndinafunsa ndi kamawu kakang'ono. "Ine ndimaligogoda kuti lichoke."

"Phokoso limenelo ndiye usipa wanu uli pa ulendo! Inu mumaugogoda mpaka kufa, kenako n'kundiimbira kuti ndiulandire!"

Bambo Saidi anayesa kudzigwira. Anayang'ana kudenga, anakhosomola, kenako anaphulika. Anaseka mpaka kofia inagwa, anakhala pansi pakhomo pomwepo, misozi ili chuchuchu.

"Waya wowola! Sabata yonse waya wowola, kumeneku waya wowola wake wamanga tayi!"

Ine ndinatulutsa makiyi n'kuwaika patebulo mwakachetechete. Bambo Saidi anakweza dzanja, akupumabe movutikira.

"Tengani makiyi anuwo. Dinani batani, mukatero mutuluke. Mukaime pakhonde, manja m'thumba."

Ndinadina n'kutuluka. Ndili pakhonde paja, manja m'thumba, ndinamva Mayi Phiri akufuula m'kati: "Walowa! Usipa wonse walowa!"

Ntchito inakhala yanga, ndipo ndinaigwira mpaka kupuma. Koma lamulo lija silinachotsedwe. Mwezi uliwonse ukatha, anthu odutsa ankaona katswiri wa kompyuta wa pa boma ataima pakhonde ngati mwana wasukulu wopatsidwa chilango, ndipo ankangofunsa kuti, "Usipa uli m'njira, a Nkhoma?"

Abale, ulemu ndi wabwino, koma nthawi zina umadula waya.