Mlonda Wanu Wamanga Pulinta Yanga

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Linga Lolimba,
M'tauni, Lusaka.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi ine Towela Mbewe wa ku Mtendere, mzimayi wosadziwa zamakono. Ndinataipa makalata pakampani ya boma zaka khumi ndi zisanu, kufikira tsiku limene anaigulitsa n'kutiuza kuti tsopano aliyense adziimire payekha. Ndinagula kompyuta yakale ndi pulinta yakale, ndipo ndimataipira anthu makalata m'kontena pafupi ndi msika. Ndalemba kuti ndithokoze, pakuti pulogalamu yanu yoteteza kompyuta ku mavayirasi, imene munaitcha Mlonda, yandichitira zazikulu.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha changu chake. Katswiri wanu, ba Ngosa, anaika Mlonda Lolemba m'mawa. Dzuwa lisanafike pamutu, Mlonda anali atagwira kale mbala: kapulogalamu kamene kamathandiza kompyuta kumvana ndi pulinta, kamene akatswiri amakatcha dalaivala. Kakhala nane zaka zitatu osaba ngakhale singano, koma ine ndingadziwe chiyani? Kuyambira pamenepo, ndikangoti ndisindikize, sikirini imasanduka yabuluu, kompyuta n'kuzima yokha. Mtundu wake ndi wokongola ndithu, ndauyang'ana mokwanira.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha uphungu. Nditaimba foni ku ofesi kwanu, mayi wa mawu okoma anandilangiza kuzimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Ndinatero mpaka chala chinachita dzanzi. Kenaka anati ndikatenge dalaivala watsopano pa intaneti. Ndinatseka kontena, n'kukwera minibasi kupita m'tauni, kumene ndinakhala pamzere pamalo ogwiritsira ntchito intaneti mpaka madzulo kuti ndingouzidwa kuti opanga pulinta yanga anasiya kalekale kuikumbukira. Dalaivala woyenera alipo mmodzi yekha, yemweyo amene Mlonda wanu wamutsekera.

3. Ndikuthokozanso m'malo mwa ba Fackson Zulu. Bambo amenewa anayendetsa mabasi zaka makumi awiri asanachotsedwe ntchito, ndipo lero amagulitsa malasha kuti ana asanu adye. Anamva kuti kampani ina yophika buledi ikufuna woyendetsa lole, koma kalata yofunsira ntchitoyo ikhale yotaipa ndipo ifike Lachisanu isanakwane thwelofu. Ndinaitaipa Lachiwiri. Inali yooneka bwino pasikirini, koma sikirini sanyamula kupita nayo kwa abwana. Anabwera Lachitatu, anabweranso Lachinayi, n'kukhala pabenchi chipewa chili pabondo. Tsiku lomwelo ba Ngosa anatulukira, anadinadina mabatani, kenaka anati mokweza: “Vuto apa ni dalaivala. Wakalamba, palibe wamene angamufune masiku ano.”

Ba Fackson anavala chipewa n'kuyamba kutuluka. Ndinawathamangira mpaka pamsewu kukawafotokozera kuti ba Ngosa sakunena iwo. Anangogwedeza mutu, nati amva.

4. Ndikuthokoza chifukwa cha njira ziwiri zimene ba Ngosa anandisiyira. Yoyamba, ndigule kompyuta yatsopano ndi pulinta yatsopano, zimene mwamwayi mumagulitsa inu nomwe. Yachiwiri, ndizimuzimitsa Mlonda nthawi yosindikiza, koma chikachitika choipa kampani ilibe mlandu. Ndinafunsa ngati n'zosatheka kungomuuza Mlonda kuti dalaivala uyu ndi wapakhomo. Anati n'zotheka pa Mlonda wa chaka chamawa, amene sadzakwana m'kompyuta yanga.

5. Lachisanu m'mawa ndinamuzimitsa. Pulinta inakhosomola, n'kulavula kalata ya ba Fackson yoyera bwino, iwo n'kuthamangira minibasi. Anthu amene anadikira sabata yonse anadzaza pakhomo, ndipo m'chipwirikiti chimenecho ndinaiwala kumuyatsanso. Mphunzitsi wina anabwera ndi disiketi ya mayeso, ine n'kuilowetsa. Inali ndi vayirasi. Pofika masana zonse zinali zitapita: makalata ofunsira ntchito a anthu a komboni yonse, ndiponso ndondomeko ya maliro a amayi awo a ba Kafula, amene ndimaimba nawo kwaya. Munali mbiri ya malemu imene banja linakhala masiku awiri likukumbutsana, ndipo pepala lawo anali atalitaya chifukwa ndinawatsimikizira kuti kompyuta siiwala. Loweruka kumanda mbiriyo inanenedwa chapamtima, zaka zina zikusokonekera, ine nditabisala kumbuyo kwa azimayi anzanga. Ba Kafula mpaka lero amandipatsa moni wa pakamwa pokha.

Nditamuyatsanso Mlonda, anafufuza modekha n'kulengeza kuti kompyuta yanga ndi yoyera. Sananame, Bwana. Munalibe kanthu.

Mwina mungakonde kudziwa za ba Fackson. Kalata inafika nthawi yabwino. Kukampani ya buledi kuja anawauza kuti akufuna dalaivala wachinyamata. Anadzera kwa ine kudzandithokoza, nati katswiri wanu uja amaona patali.

Sindikudandaula ayi. Kulakwa n'kwanga posunga zinthu zakale zimene zikugwirabe ntchito, m'dziko limene likuthamangira kutsogolo. Ndili ndi kapempho kamodzi kokha, ngati ulemu wanu ungalole. Mundiyankhe m'kalata, mundiuze chimene munthu wonga ine asankhe, kusindikiza kapena kutetezedwa. Koma kalatayo muitaipe pakompyuta yanga, Mlonda ali woyatsa, ndipo ituluke m'pulinta yanga. Mpando ndikupatsani, ndipo musadere nkhawa za nthawi, sinditseka msanga.

Mundikhululukire ngati zilembo zina zikuvuta kuwerenga. Ndalemba pamanja.

Ine wotetezedwa wanu,
Towela Mbewe (Mayi)
Kontena yobiriwira, pafupi ndi msika, Mtendere