Mlimi Wofatsa, Zaka 49

Lolemba

Ndatsimikiza mtima: ndikufuna mkazi. Zaka zinayi chimwalirireni mayi a Tiyamike, ndatopa kucheza ndi nkhuku. Koma ndine mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, munthu wa zaka 61. Sindingamazungulire m'midzi ya ku Mvera kuno ngati ndasowetsa mbuzi. Akuti pa intaneti pali tsamba la ofuna banja. Ndiyesa kumeneko, mwakachetechete.

Chachikulu, Tiyamike asamve. Mwana wangayo anakomoka kumanda kwa mayi ake, ndipo mpaka lero akabwera kuchokera ku Lilongwe amayamba wapukuta chithunzi chawo asanakhale pansi.

Malangizo a pa wailesi:
1. Dzina lenileni ayi.
2. Nkhope ayi.
3. Kutsegula tsamba lobisika, lakuda lija la kachipewa ndi magalasi.
4. Kufufuta mbiri ukamaliza.

Foni ndili nayo, ija anandisiyira Tiyamike atagula yatsopano.

Lachiwiri

Netiweki pakhomo pano kulibe. Imagwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, utaimirira, mkono uli m'mwamba. Ndakwera. Kulembetsa sikuvuta: foni ikufunsa ngati ndilowe ndi keyala imene ili kale m'katimo, ine ndadina "inde". Chitukuko!

Dzina: Mlimi Wofatsa. Zaka: 49. Ambuye andikhululukire.

Kamera ndamata kapulasitala.

Potsika ndikukumana ndi a Nabanda, amayi amasiye a kutsidya aja, akuchokera kudimba. "Aphunzitsi, mwayamba kupempherera pachulu?" Ndangoseka, kuseka kwa mano okha.

Lachitatu

Tsamba likufuna chithunzi. Ndamatula kapulasitala, ndajambula njinga, ndamatanso.

Masana a Kamwendo, mkulu wa mpingo mnzanga, akundikokera pambali n'kundinong'oneza kuti njinga ya chishalo chomanga ndi lekeni yofiira ku Mvera kuno ilipo imodzi. Thukuta kamukamu. Kenako ndikukumbukira kuti iwo akazi awo ali moyo, dzana lomweli timaimba nawo. Nanga pa tsambalo amatani? Tayang'anana. Takambirana za mvula.

Njinga ndachotsa, ndaika chimanga. Chimanga ali nacho aliyense.

Lachinayi

Yankho palibe. Ndakwera katatu. Pachulu payamba kuoneka kanjira, kanga ndekha.

Zimene akunena kumjigo, malinga ndi a Nabanda:
- ndikutchova juga ya mpira;
- ndikulankhula ndi azungu;
- ndayamba kuzungulira mutu.

Iwo akuti sakukhulupirira chilichonse mwa zitatuzi. Andisiyira nkhwani ndi tomato pakhonde, ati munthu wokwera chulu katatu pa tsiku amafunika ndiwo.

Pa intaneti palibe akundidziwa. Pamudzi palibe sakundiona.

Lachisanu

Lamulo lachinayi. Ndafufuta mbiri, ndipo ndafufuta ndi mtima wonse. Zapitira limodzi nyimbo za kwaya ndi ndandanda ya olalikira mwezi uno. Abusa akuifuna mawa. Ndawauza kuti foni zamasiku ano n'zosadalirika.

Ndakweranso. Tsamba likuti mauthenga anu atumizidwa ku keyala yanu. Keyala yanga iti? Bokosi la ku positi ndinasiya kalekale. Kapena palibe amene walemba, akungondinyengerera. Nanga mkazi wanzeru angakopeke ndi chimanga?

Kunena zoona zandiwawa. Ndimayesa pofika lero wina akhala atati moni.

Loweruka

Tiyamike waimba, ine ndili pachulu pomwepo. Akuti abwera mawa, adzapemphera kuno. Mawu ake ozizira. "Pali nkhani, ababa."

Basi, zaululika. Ndani? A Kamwendo sangayerekeze. A Nabanda sadziwa kanthu. Ndikuyesa kutseka tsambalo, netiweki yathawa, mvula yandipeza ndili chiimire mkono m'mwamba.

Kunyumba ndapukuta ndekha chithunzi cha mayi ake. Manyazi andigwira. Mkazi ndinataya kale. Mwana sindikufuna kutaya chifukwa cha Mlimi Wofatsa.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Tafika kunyumba, Tiyamike wapukuta chithunzi chija ngakhale chili choyera kale, wakhala pakhonde, watulutsa foni yake.

Keyala ija ndinadina "inde" ndi ya imelo yake. Sanaichotse pondipatsa foni. Chiyambire Lachiwiri, uthenga uliwonse wa Mlimi Wofatsa wakhala ukugwera kwa iye ku Lilongwe, ali pantchito. Amayi khumi ndi mmodzi! Wawerenga zonse. Njinga anaiona, chimanga anachiona.

Akuti asanu ndi awiri ndi mbava, wawachotsa kale. Mmodzi akumuganizira kuti ndi mwamuna. Ine maso ali pa nyerere za pansi.

"Zaka zanu ndakonza, ndalemba 61. Amayi sanakwatiwe ndi munthu wabodza." Kenako: "Mukanangondiuza, ababa. Mukuyesa ine ndimagona tulo ndikaganiza kuti mukudya nokha?"

Ndapukuta m'maso. Ndanamizira chimfine cha mvula ya dzulo.

Ndandanda ya olalikira ndilembanso pamanja. A Kamwendo andipatsa moni wa manja awiri. Pokakwera minibasi Tiyamike wadzera kutsidya kwa a Nabanda, ati akubweza mbale ya nkhwani, ndipo wakhalitsako ola lathunthu. Sanandiuze zimene akambirana, ati ndi zachinsinsi.

Kapulasitala ndamatula.