A Hayala ndi Makina a M'mawa Umodzi

A Hayala sanagulepo chinthu chimene akanatha kubwereka. Zimenezi aliyense pasukulu ya ntchito zamanja ija ankazidziwa, ngakhale alonda a pageti. Munthu woyang'anira makompyuta a sukulu yonse kwa zaka khumi ndi chimodzi, koma analibe ngakhale cholembera chakechake! Suti ya ukwati wawo inali ya hayala, ya maola atatu basi, ndipo abusa atatalikitsa ulaliki, mkwati anayamba kusuzumira pawotchi, wotchinso ya alamu awo. Zithunzi zomaliza za tsikulo zikuonetsa mkwatibwi ali mbee m'velo, pambali pake bambo wa malaya a manja aafupi akumwetulira, jekete litabwerera kale kwa eni ake. Dzina la Hayala linayambira pamenepo.

Akuba atavuta kudera kwawo, anthu anzeru anagula maloko. A Hayala anakabwereka galu wa sabata ziwiri. Galuyo sanawazolowere n'komwe, moti sabata ziwiri zonsezo mwini nyumba ankalowera pawindo lakumbuyo, galu ali pakhomo kuwaonetsa mano.

"Koma akuba anabwera?" ankatero a Hayala anthu akawaseka. "Sanabwere. Nanga pano ndikudyetsa galu wa yani?"

Amene anavutika nawo kwambiri ndi mayi a pawindo, mlembi wa sukuluyo, amene ankalandira ophunzira ndi makolo pakawindo ka ofesi. Matebulo awo ankayang'anizana. Mayiwa anali osiyana nawo kutalitali: sankataya chilichonse. M'dilowa mwawo munali masitepula anayi akufa, makiyi a zitseko zimene zinachotsedwa kalekale, ndi zivundikiro za mabotolo opanda mabotolo ake. Ndiye tangoganizani anthu awiriwa m'chipinda chimodzi.

"Mayi, cholembera."

"Gulani chanu, achimwene. Nsalu yobwereka siithetsa usiwa."

"Nanga mukundiona ndili maliseche?"

Cholembera chinkapita ndithu, ndipo chinkabwerera ntchito ikangotha, chifukwa pa nkhani yobweza a Hayala analibe mnzawo.

Tsono mayi a pawindo anali ndi tsiku limodzi pachaka limene ankaliopa kwambiri: tsiku la zotsatira za mayeso. Zotsatirazo zinkaikidwa patsamba la pa intaneti la sukuluyo, ndipo tsambalo linkakhala mu seva, chikompyuta chakale chimene chinkangolira m'kachipinda kakumbuyo. Chaka chonse chinkangodya magetsi popanda ntchito yeniyeni. Koma ikakwana eyiti koloko m'mawa wa zotsatira, ophunzira zikwi zisanu ndi ziwiri a m'nthambi zonse za sukuluyo ankatsegula tsambalo pamafoni awo nthawi imodzi, chikompyutacho n'kukomoka. Tsamba likagwa, anthu sankapita kukachipinda kakumbuyo. Ankabwera pawindo.

Chaka china anaswa galasi, ndipo kholo lina linaponya nsapato imene inakagwera mu tiyi wa mayiwo. Abwana, mkulu wa sukuluyo, anapirira chipwirikiti chonsecho ali m'chimbudzi. Atatuluka anakonza tayi.

"Mayi, anthu amadziwa nkhope yanu," anatero. "Tsambali likadzagwanso, pawindo pano padzakhala nkhope ina."

Chilungamo chake chinali pati? Mayiwo seva sanaikhudzepo chibadwire. Koma anali ndi ana atatu kusukulu ndi amayi awo odwala kunyumba, ndipo anadziwa kuti abwana akafuna womupereka nsembe sayang'ana pagalasi.

Pamsonkhano wotsatira, abwana analamula kuti agule chiseva chachikulu, choti anthu akachiona aziopa. A Hayala anakweza dzanja.

"Abwana, mutasamuka nyumba chaka chatha, munagula lole?"

"Ndigule lole ndapenga? Ndinachita hayala."

"Pano ili kuti?"

"Kwa mwini wake."

"Ikaphulika tayala amalira ndani?"

"Mwini wake. Kodi mukufuna kunena chiyani?"

"Zotsatira n'kusamuka, abwana. Ndi m'mawa umodzi pachaka."

Kenako anafotokoza za kilaudi. Kuli makampani, anati, amene ali ndi makompyuta osawerengeka m'nyumba zikuluzikulu kutali uko. Munthu amalowa pa intaneti n'kunena kuti ndikufuna makina makumi awiri m'mawa uno, ndipo pakangopita mphindi zochepa makinawo amayamba kumugwirira ntchito. Anthu akachuluka amawonjezera, akachepa amabweza, n'kulipira maola okhawo amene wagwiritsa ntchito. Fumbi, kutentha ndi makoswe n'za eni ake.

"Makinawo ndingakawaone?" anafunsa abwana.

"Ayi. Ali m'nyumba yozizira kuposa mtima wa apongozi."

"Chinthu chosaoneka, chosakhudzika? Umenewo ndi ufiti."

"Magetsinso ndi a eni ake, abwana, ndipo simuwaona. Mukufuna kuwakhudza? Soketi iyo."

Abwana anavomera, makamaka chifukwa anthu anali atayamba kuseka. Chaka chimenecho tsamba silinagwe. A Hayala anadzutsa makina makumi awiri hafu seveni, n'kuwabweza masana, kusiya kamodzi kokha kosungira tsambalo masiku wamba. Abwana anayendayenda m'khonde akuuza aliyense kuti nzeru za kilaudi zinawabwerera iwo ali m'bafa.

Zaka zinayi zinadutsa choncho. Chaka chachisanu, m'mawa wa zotsatira, a Hayala analowa mu ofesi akuphethira ngati munthu wotuluka m'dzenje. Magalasi amene ankawerengera anali a mphunzitsi wa ukalipentala, ndipo mwini wake anali atawatenga chifukwa anali ndi mizere yoti ajambule pathabwa.

"Mayi, khalani apa. Lero mudina ndinu."

"Ine? Mwadya chiyani m'mawa uno?"

"Ine sindikuona. Inu muli ndi maso awiri anuanu, osabwereka. Agwiritseni ntchito."

Anadina ndithu, thukuta lili kamukamu, a Hayala ataima kumbuyo kwawo akulamula ngati kondakitala. Zitatha, bamboyo anati zinthu zotere ziyenera kulembedwa. Kope analibe, ndiye anatenga la mayiwo, limene ankalembamo nyimbo za kwaya, n'kudzaza masamba asanu ndi limodzi ndi zilembo zikuluzikulu zopindika. Mayi a pawindo sanawayankhule sabata yathunthu, ndipo cholembera ankachita kuwaponyera.

Chaka chotsatira a Hayala anayamba kuwonda. Matenda sabwerekedwa, amabwera kudzakhala. Tsiku lina mayi a pawindo atapita kukawazonda kuchipatala, anapeza mkazi wa a Hayala ali pambali pa bedi, ndi mphunzitsi wa ukalipentala uja atabwera ndi malalanje. Wodwalayo anamukodola mmisiriyo kuti ayandikire.

"Amisiri, bokosi la hayala mulibe? Ndi la m'mawa umodzi basi."

"Ha! Nanga tikalitenganso bwanji, achimwene?"

"Mwaona? Vuto lanu n'lomwelo, simuganiza. Liikeni chitseko chapansi."

Akazi awo anawamenya paphewa ndi nsalu, akuseka, misozi ikutsika. Mayi a pawindo anaseka nawo mpaka anatuluka panja, ndipo kumeneko kusekako kunatha.

A Hayala anamwalira kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti zotsatira zituluke. Bokosi anagula ndithu, lolimba bwino. Kumanda akazi awo ananong'oneza mayi a pawindo kuti, "Chinthu chawochawo choyamba chimenecho, ndipo sakuchidziwa. Akanadziwa akanadzuka."

Maliro atangotha, abwana anagwidwa ndi mantha. Analamula kuti apukute chiseva chakale chija, ati bola chinthu chimene munthu angachimenye khofi chikavuta. Mayi a pawindo ankadziwa bwino zimene chisevacho chimachita ikakwana eyiti koloko.

"Abwana, chisiyeni chigone. Ndipanga ine."

"Inu? Nanga likagwa?"

"Munanena kale zimene zidzachitike."

M'mawa wa zotsatira mayiwo analowa mu ofesi hafu sikisi, natsegula kope la kwaya. Pakati pa nyimbo ya Pasaka ndi ya ukwati panali zilembo zopindika zija. Pa nthawi ya mkwiyo ija sanaziwerenge, ndiye anali kuziona koyamba. Choyamba: lowani ndi mawu achinsinsi awa. Chachiwiri: sankhani makina makumi awiri. Pambali pake panalembedwa kuti, "Dinani kamodzi. Si belu la tchalitchi." Pansi pang'ono, "Apa mudikire mphindi zitatu. Musapemphere mokweza."

"Munthu wamwano iwe," anatero mayiwo chapansipansi, koma anadina kamodzi.

Eyiti koloko inakwana. Nambala ya anthu olowa patsamba inayamba kukwera: chikwi, zikwi zitatu, zikwi zisanu. Patapita mphindi khumi tsamba linayamba kukwawa. Foni ya ofesi inalira, kenako inaliranso. Pageti panaoneka makolo awiri akuyenda mwachangu, mafoni ali m'manja. Abwana anasuzumira pakhomo, naona nkhope ya mayiwo, n'kulowera njira ya kuchimbudzi.

Mayi a pawindo anaganiza za ana awo atatu, ndi za kalata yowachotsa ntchito imene akanalandira tsiku lomwelo. Anatembenuza tsamba la kope. Pamwamba penipeni panalembedwa kuti, "Likayamba kukwawa, onjezani khumi. Musafunse abwana, sapezeka."

Anawonjezera khumi. Mphindi zitatu zija zinali zazitali kuposa zowawa za kubereka. Kenako tsamba linatseguka msanga, n'kutsegukanso. Makolo awiri aja anaima pakati pa bwalo, mmodzi anayang'ana pafoni, nakuwa, nakumbatira mnzakeyo amene sankamudziwa n'komwe, n'kubwerera onse kugeti.

Masana anafika anthu atachepa. Tsamba lomaliza m'kopemo linali ndi mizere iwiri: "Tsopano bwezani onse, musiye kamodzi. Ndikukudziwani, mufuna kuwasunga m'dilowa." Ndipo zinali zoona. Mayiwo anakhala nthawi ndithu akuwayang'ana makina makumi atatuwo pagalasi la kompyuta, ali pamzere, atawapulumutsa. Kenako anawabweza, amodziamodzi, akutukwana pang'onopang'ono.

Ntchito yawo inatsala m'manja mwawo. Pawindo panalibe munthu, ndipo kwa zaka zambiri chimenecho n'chimene ankapempherera. Koma tsopano anapeza kuti chigonjetso chopanda womuuza chimawawa. Anali ndi mawu okonzeka pakamwa, akuti mwaona achimwene, ngakhale popanda inu, koma kutsidya kwa tebulo kunalibe woti awayankhe mwamwano.

Cha m'ma thuu koloko kunagogoda bambo wina wa ovololo, chipewa chili m'manja. Anati iye amabwereketsa katundu wa m'maofesi, ndipo wamva za malirowo, pepani kwambiri. Wabwera kudzatenga mpando.

"Mpando uti?"

"Uwo, wa malemu. Wa sukulu unkawapweteka msana, ndiye ankabwereka wanga mwezi ndi mwezi. Ndinawauza kangapo kuti angoutenga ukhale wawo, koma ankati angokhala pano kanthawi kochepa."

Zaka khumi ndi chimodzi! Mayi a pawindo anaseka mpaka kugwira tebulo. Bamboyo anaugwira mpandowo pamsana, naupendeketsa kuti aunyamule, ndipo pansi panaoneka timabowo tinayi toyera pamene miyendo yake inkaponda. Kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Usiyeni," anatero. "Ndiubwereka ine."

"Mukhalapo ndinu, mayi?"

"Ayi. Wanga ndili nawo."

Bamboyo anawayang'ana, naubweza mpandowo pamalo pake bwinobwino, mwendo uliwonse pabowo lake.

"Mpaka liti?"

"Muzingobwera mwezi ndi mwezi," anatero mayi a pawindo. "Ndikatha ndidzakuuzani."

Mpaka lero bamboyo amabwera. Ofesi ija ili zii, zolembera zimakhala pamene wazisiya, ndipo tsiku la zotsatira limadutsa ngati Lachiwiri lililonse. Ophunzira atsopano akasuzumira pawindo amadabwa kuona mpando wabwino chotere uli wopanda munthu, ndipo ena olimba mtima amapempha kuti akhalepo podikira makalata awo. Mayiwo sakweza n'komwe mutu.

"Umenewo ndi wa eni ake," amatero. "Imani."