A Musandidzutse ndi Maola Khumi a Kalaliki

Inu mwangoyamba kumene ntchito ya sitimanu, munawaphonya a Musandidzutse. Bambo amenewo ankalemekeza tulo kuposa apongozi awo. Akaweruka m'mawa, kunyumba kwawo kunkangoti zii mpaka madzulo. Ana ankayenda monyang'ama, mayi akunyumba ankatsuka mbale ngati akuba, ndipo tambala wa aneba, ndikulumbira, anaphunzira kulira chamumtima.

Iwo ankayendetsa sitima, ine ndinali wothandiza wawo mu injini zaka zisanu. Tisananyamuke ankandiyang'ana m'maso.

"Wagona iwe?"

"Ndagona, achimwene."

"Tchula ana ako."

Tsiku lina ndinatchula atatu bwinobwino, wachinayi n'kutchula galu. Ananditsitsa pompo! Ndinakwiya sabata yathunthu, komatu zoona zake ndinali nditagona maola awiri okha.

Nkhondo yawo yaikulu inali ndi kalaliki wolemba ndandanda ya mashifiti. Kalaliki ankawerenga maola opuma kuyambira pomwe sitima yaima. Iwo ankayambira pomwe avula jombo.

"Mwapuma maola khumi, bwerani," anatero kalaliki pafoni.

"Khumi ake ati? Limodzi ndathera kulemba lipoti, awiri pamsewu. Kapena inu mumapumira m'minibasi?"

Sanapite. Atakana kachitatu, bwana anawaitana n'kuwauza kuti ntchito yatha, ndipo nyumba ya kampani atulukemo. Munthu wa ana asanu ndi mmodzi! Tinawanyengerera.

"Achimwene, ingopepesani. Tonsefe timasinza, timangopirira."

"Chimene ndikukanacho n'chimenecho," anatero. Kwa bwana anati, "Mundichotse, palibe vuto. Koma poyamba mupume nane kamodzi kokha, muone kupuma kwake."

Bwanayo, munthu wamatama, anavomera. Anayenda nafe ulendo wonse, anadikira lipoti, anaima pasiteji ya basi, n'kukagona pamkeka kwa a Musandidzutse dzuwa likuwotcha malata, chigayo chapafupi chikulira. Atangoti atseke maso, foni ija! Kalaliki. Anadzuka n'kubwerera nafe ulendo wachiwiri maso ali psuu.

Titafika, molunjika ku ofesi. Kalata yowachotsa ntchito inali kale patebulo. Bwana anatenga cholembera, anayamba kuwerenga, mutu n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka mphuno inagunda pepala. Mkonono wake, abale inu, ngati injini yokwera chitunda. Kalaliki anatambasula dzanja kuti awagwedeze.

"Alekeni," anatero a Musandidzutse. "Iwo asinza atagwira cholembera. Ine ndikanasinza ndi mabogi makumi atatu kumbuyo."

Kalata ija sinasainidwe. Mwezi womwewo ndandanda inasintha, tonse tinayamba kugona ngati anthu.

A Musandidzutse anatisiya chaka chatha, atadwala masiku ochepa. Ndimawasowa, sindibisa. M'chipinda chopumira muno masiku ano anthu amangong'ung'udza chapansipansi, foni ikalira n'kunyamuka, kumapita akuyasamula. Bwana uja anasamuka, kalaliki wabwera wina, ndipo wayambiranso mawerengedwe akale poti palibe woti amuwope.

Dzulo kalaliki watsopanoyo anandiimbira nditangoika mutu papilo. Ine si wolimba ngati a Musandidzutse, ndipo nanenso ndili m'nyumba ya kampani. Koma ndinamuuza kuti sindibwera. Andiitana ku ofesi Lolemba m'mawa. Ndiye musangoti pakamwa yasaa ngati nkhaniyi ndi yongoseketsa. Akundiperekeza ndani?