Kamawu Kamene Kadapha a Gondwe

Lolemba

Ndayamba! Sabata ino sindine mesenjala wamba, ndili pa lamya. Mayi amene amayankha lamya ya unduna wathu akana kusamuka ku Zomba kubwera kuno ku likulu latsopano, ati ku Lilongwe kuli fumbi ndi afisi okhaokha. Ndiye a Gondwe, bwana wathu kuno, andiika ine mongoyesa. Ndikakhoza, mpando ndi wanga mpaka kalekale. Ndikalephera, ndibwerera pa njinga ya boma yopanda mabuleki ija.

Lamulo la a Gondwe: pa lamya Chingerezi chokhachokha. Ati Chingerezi changa nchabwino, koma pali timawu tina timene ndimangotiponya paliponse. Timawu take ndi *always*, *never*, *often*. Ati osanena kuti "I come always", koma "I always come". Kamawu kazibwera kutsogolo.

Zochita:
- kamawu kamodzi tsiku lililonse
- nsapato zizioneka
- osatafuna mtedza poyankha

Kutsogolo basi? Nzosavuta izi.

Lachiwiri

Lero ndi *never*.

Kuno ku Capital Hill kuli zii. Chinyumba chonsechi zitseko mbwee, eni ake akadali ku Zomba. M'zipinda muli mipando yosakhalidwapo ndi fungo la penti. Ndikuyeserera mokweza kuti "I never sleep", khonde likundibwezera: *never, never*. Sindikukondwa nazo.

A Chisale, mlonda wathu, abwera kudzandiletsa. Ati pamene pali ofesi pano panali mudzi wawo, ndipo mitengo imene omanga aisiya osadula kuseriku ndi manda. "Musamafuule m'chinenero chimene eni malo sachimva," atero. Ndaseka, koma ndatsitsa mawu.

A Gondwe akutsokomola ngati mbuzi. Fumbi. Ine ndikuweruka, iwo akadali pa desiki.

Lachitatu

Kamawu ka lero ndadzisankhira ndekha: *late*, kuchedwa.

A Gondwe abwera m'mamawa, maso ali psuu, ati dzulo adachoka mochedwa. Ndawapangira tiyi, sadamukhudze. Angoti, "Ine ndikupita kutali, lamya ndakusiyirani," natulukira khomo lakuseri.

Masana lamya ya ku Zomba. Kalaliki wamkazi akufunsa chifukwa chimene a Gondwe sadaimbire dzulo madzulo, ndiponso kuti ali kuti. Mwayi wanga uwu! Ndikufuna kunena kuti dzulo adachoka mochedwa, lero kulibe. Ndatenga kamawu kanga, ndakaika kutsogolo kwenikweni:

"Late Mr Gondwe left us yesterday. Today he is not here."

Mayiyo akufunsa m'Chichewa ngati ankadwala. Ine lamulo ndi lamulo: "Always he was coughing." Wangoti mayo, wadula. Chingerezi changa chamuthetsa mawu. Mpando uwu ndautenga.

Lachinayi

Ambuye wanga.

Lole ya mafayilo yafika kuchokera ku Zomba. Dalaivala asanatsitse nkomwe katundu, wavula chipewa, akundipepesa. Ati a Gondwe atisiya. Ati ku Zomba aliyense akudziwa, adamwalira Lachiwiri, chifuwa.

Lachiwiri! Nanga amene ndidawapangira tiyi dzulo m'mawa uja ndani?

Zimene ndikukumbukira:
- tiyi sadamwe
- maso ofiira
- "ndikupita kutali"
- khomo lakuseri ndi loyang'ana ku mitengo ija

Ndafunsa a Chisale ngati adawaona dzulo akulowa. Ati ayi, pageti sipadadutse munthu. Apukusa mutu, ati adandichenjeza. Kapu ija ikadali pa desiki, tiyi wachita kukhala ndi khungu pamwamba. Sindiichotsa ine.

Kamawu ka lero kanali *often*. Kadikire.

Lachisanu

Mtembo sukudziwika kumene uli. Dalaivala wapita kukafunsa kuchipatala ku Old Town, amuuza kuti kulibe Gondwe aliyense. A Chisale sakudabwa konse. Akuyang'ana ku mitengo.

Ndakhala ndekha ndi lamya, kunja dzuwa likuswa mtengo, koma ine ndikumva kuzizira. Yalira. Ndanyamula. Mkati muli phokoso ngati mvula pa malata, ndipo kutali, kutali zedi, wina akutsokomola. Chifuwa chimenecho ndikuchidziwa.

"Ndine Gondwe."

Ndatsegula pakamwa. Chimene chatuluka ndi ichi: "Still you are speaking, sir?"

"I am *still* speaking. Kamawuko mwakaikanso polakwika. Ndikubwera mawa."

Lamya ndaisiya ikulendewera. Ndazindikira ndili kugeti, nsapato imodzi kulibe. Munthu adafa, koma akukonzabe Chingerezi changa! Ndipo akubwera mawa. Kudzatenga yani?

Loweruka

Kumaliro kunyumba kwa a Gondwe ku Area 11. Nyumba zake nzotalikirana, pakati pali tchire, ukalira mnzako sangakumve. Masamba aikidwa kale pamsewu. Mayi Gondwe afika kuchokera ku Zomba pa lole ina ya mafayilo, pamodzi ndi amayi a kutchalitchi ndi kalaliki wa lamya uja. Akuimba. Bokosi lilipo, mwini wake palibe.

Masana kamvulumvulu wadutsa pabwalo, nyimbo yaduka. Fumbi litatsika, pageti paima munthu, wofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chikwama m'manja. Watsokomola.

"Maliro a ndani pakhomo panga?"

A Chisale alumpha mpanda ngati mnyamata. Amayi a nyimbo balala. Ine ndangokhala pansi. Mayi Gondwe okha ndiwo apita, awatsina pamkono mwamphamvu. A Gondwe akuwa. Mzukwa sukuwa.

Anali ku Kasungu ku ntchito. Galimoto idawatengera kuseri kwa ofesi, nchifukwa chake a Chisale sadawaone. Akufunsa amene adayambitsa nkhaniyi. Kalaliki uja ati adauzidwa ndi bambo wa pa lamya. Maso onse kwa ine. Ndabwereza mawu anga aja, monyadirabe pang'ono, poti ndidawaika bwino.

A Gondwe agwira mutu. Ati *late* akakhala kumbuyo, munthu wangochedwa. Akakhala kutsogolo kwa dzina, ndiye kuti malemu. Ndiye kuti a Gondwe ndidawapha ndine, pa lamya ya boma, ndi kamawu kamodzi. Manyazi ake, bola nthaka ikadang'ambika.

"Koma bwana, mudati kamawu kazibwera kutsogolo."

Andiyang'ana. "Not always."

Lamulungu

Mpando wapita. Mawa pa lamya pakhala mtsikana wina wa ku Area 18. Ine ndapopa kale matayala a njinga.

Mayi Gondwe ati sabwereranso ku Zomba, mwamuna wawo angafenso iwo kulibe. Bokosi alisunga m'galaja. Kutchalitchi anthu akupatsa a Gondwe moni chapatali, ndipo ana ayamba kale kuwaitana kuti a Malemu. A Chisale akukanabe, ati amene wabwerayu tizimuona bwino, tiyi akamwa pamaso pathu ndiye tikhulupirire.

Nsapato ija sindidaipeze.

Mawa ndilawirira. Ndikachedwa, wina pa lamya anganene za ine, ndipo sindikudziwa kuti mtsikanayo kamawuko amakaika mbali iti.